Inki ya plastisol pa masikipa: ndi yabwino, koma imafuna moto wokwanira

Anzanga angapo a ntchito yosindikiza akhala akundifunsa ngati inki ya plastisol ndi yoyenera kuitayira ndalama, poti aona kuti masikipa otuluka pa shedi yanga ku Zingwangwa asintha maonekedwe. M'malo moyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndangoti ndilembe pamodzi. Inkiyi ndi yabwino, ndipo pa sikipa yakuda palibe inki ina yomwe ndagwirapo yoti ingafanane nayo. Koma ngati mulibe njira yodalirika yoiwotchera mpaka ipse, isiyeni kaye. Muwononga ndalama zanu, muwononga masikipa a eni, kenaka dzina lanu.

Yomwe ndikunenayi ndinaitanitsa kwa ogulitsa zipangizo zosindikizira ku Johannesburg, inabwera pa basi kudzera pa Mwanza. Munali chidebe cha makilogalamu 5 cha yoyera, zitini za kilogalamu imodzi za yakuda, yofiira, yachikasu ndi yabuluu, kabotolo ka mankhwala ofewetsera otchedwa reducer, ndi zitini zinayi za CMYK, inki zosindikizira zithunzi za mitundu yonse, zomwe ndinangoti ndiyeseko. Dzina la kampaniyo sindilitchula. Sandilipira kuti ndiwatsatsire malonda, komanso zambiri zomwe ndinene pano ndi khalidwe la plastisol ina iliyonse.

Ambirife kuno tinaphunzira ntchitoyi ndi bainda ndi pigimenti, inki yamadzi ija youma yokha ndi mphepo. Plastisol ndi chinthu china. Ndi ufa wa pulasitiki wa PVC wosakanizidwa m'mafuta ofewetsa, ndiye mulibe madzi oti aume. Mukaisiya pa sikirini (nsalu ya timabowo yokungidwa pa felemu, yomwe inki imadutsamo) lero, mawa mudzaipeza momwe munaisiyira. Imapsa pokhapokha itatenthedwa kufika pafupifupi madigiri 160 a Celsius, pomwe ufa uja umamwa mafuta aja n'kusanduka chinthu chimodzi chogwira ulusi wa nsalu. Zabwino zake zonse ndi mavuto ake onse zikuchokera pomwepa.

Amene mwasindikizapo ndi bainda mu Okutobala mukudziwa zomwe zimachitika. Mwathira inki pa sikirini, mwaikoka ndi sikwiji (labala lokokera inki) pa masikipa angapo, kasitomala wagogoda kudzafunsa mtengo wa magolofu. Pobwerera mupeza timabowo ta sikirini tatsekeka, zilembo zing'onozing'ono zikutuluka zodukaduka, ndiye muyambe kupukuta ndi kansanza konyowa mpaka emulsion (mankhwala otseka timabowo pomwe inki siyenera kudutsa) n'kuyamba kufewa. Ndi plastisol zimenezo ndinaziiwala. Ndimasiya sikirini ili ndi inki, kukadya nsima, kubwera kudzapitiriza. Mnyamata amene ndimagwira naye ntchito, yemwe akuphunzirabe, amakoka modekha popanda kuthamangitsidwa ndi inki, ndipo ntchito yake yayamba kuyera chifukwa cha chimenechi chokha.

Mukatsegula chidebe cha yoyera koyamba mutha kuganiza kuti akugulitsani yowonongeka, chifukwa imakhala yolimba ngati chiponde chomwe chakhalitsa m'botolo. Musathamangire reducer. Itakaseni kaye ndi kachitsulo kwa mphindi zingapo, imafewa yokha ikamavundulidwa. Mu Juni ndi Julayi, nthawi ya Chiperoni, imalimba gwa, ndiye ndimaika chidebe m'beseni la madzi ofunda kwa kanthawi ndisanayambe ntchito. Reducer ndimathira pang'ono, osapitirira magawo 5 pa 100, chifukwa ukachulutsa kuyera kwake kumachepa. Chidebecho musachisiye padzuwa kapena kufupi ndi malata. Kutentha kumayamba kuipsereza ili m'chidebe momwemo, ndipo ikachita mibulu palibenso choibweza.

Pa sikipa yakuda ndimagwiritsa ntchito sikirini ya 43T, kutanthauza ulusi 43 pa sentimita iliyonse. Ndimakoka kamodzi, kuwotcha pang'ono kuti pamwamba pagwire, n'kukokanso. Kuwotcha kwapakatiku sikufuna moto wambiri, madigiri cha m'ma 110 mpaka 120 akukwana, kungoti ukakhudza ndi chala isamatire. Ukaipsereza kwambiri pamenepa, ya pamwamba siigwirana bwino ndi ya pansi. Zotsatira zake ndi zoyera mbee, zooneka patali. Bainda ya opaque, ija yophimba nsalu yakuda, ndinkakoka katatu, koma ikauma inkaonekabe yotuwa. Kanthu kena kofunika: sikirini isagone pa sikipa, ikhale m'mwamba mamilimita awiri kapena atatu kuti ikangodutsa sikwiji izidzuka yokha. Ine ndinangomata ndalama zachitsulo za K10 m'makona a felemu ndi tepi, basi.

Tsopano nkhani ya moto, yomwe ndi mutu wa zonsezi. Makampani akuluakulu ali ndi uvuni wa lamba, sikipa imalowa uku n'kutulukira uko itapsa bwinobwino. Ambirife tilibe. Heat gun, mfuti ija yotulutsa mpweya wotentha, imagwira ntchito pa kalogo ka pachifuwa, koma pa chithunzi chachikulu cha kumsana ndi kudzinamiza. Pakati papsa, m'mphepete mwatsala, ndipo ukangochedwa pamalo amodzi nsalu imapserera n'kusanduka yachikasu. Ine ndinakhazikika pa heat press, makina opanikiza nsalu ndi chitsulo chotentha. Ndimayamba ndagwiritsa pamwamba ndi heat gun kuti inki isapakike, kenaka ndimaphimba ndi pepala lophikira makeke, n'kutsitsa press pa madigiri 160 mpaka 165 kwa masekondi 30 kapena 40, osapanikiza kwambiri. Inki imatuluka yosalala, yowala pang'ono, ndipo makasitomala ambiri amaikonda choncho.

Ndinagulanso kamfuti koyezera kutentha. Osati kaja ankatiloza nako pamphumi nthawi ya Covid, kameneko kamalekezera pa kutentha kwa thupi, koma ka amakaniko. Kamathandiza, koma kamangowerenga pamwamba. Inki yoyera yokokedwa kawiri ndi yochindikala, pamwamba pangaonetse 160 pomwe pansi, pokhudzana ndi nsalu, padakali paiwisi. Ndiye ndimayesa ndi manja. Sikipa ikazizira ndimaikoka pomwe pali inki. Yakupsa imatamuka n'kubwerera, yosapsa imang'aluka ndipo ming'aluyo siitsekeka. Pa oda yaikulu ndimapatula sikipa imodzi kuti ichapidwe mmene anthu athu amachapira: kunyika mu sopo wa ufa, kufikisa ndi manja, kumenya pamwala, kuyanika padzuwa. Zolembedwa pa chitini zimanena za kuchapa ndi makina, koma makasitomala anga ambiri makinawo alibe. Plastisol yakupsa bwino imapirira zonsezi, sikipa imayamba kutha inki idakalipo. Yosapsa imayoyoka pa kuchapa koyamba, ndipo kasitomala sabwera kudzafunsa za madigiri, amangouza anzake kuti kwa uje kuli inki yabodza.

Vuto lalikulu kwa ife ndi magetsi. Ndi bainda, magetsi akazima umangoyanika masikipa pachingwe, amauma okha, umadzawawotcha magetsi akabwera. Plastisol siuma. Sikipa yosindikizidwa koma yosawotchedwa sungaipinde, sungaisanjikize pa inzake, ukaigunda ndi chigongono yakupaka, ndipo fumbi la pamsewu likalowa limamatirira pomwepo mpaka kalekale. Heat press imadya magetsi ambiri, mawatsi 1,500 kapena kupitirira, moti kajenereta kakang'ono kamalira n'kuzima. Masiku ano sindiyamba oda ya plastisol ndisanaone ndondomeko ya kuzima kwa magetsi, ndipo ndimawotcha sikipa iliyonse ikangochoka pa tebulo, osadikira kuti ziunjikane. Amene muli kumalo komwe magetsi sadziwika nthawi yobwera, ganizirani kawiri.

Chinthu china chomwe ogulitsa satchula ndi nsimbi. Plastisol ndi pulasitiki, ikakumananso ndi moto imasungunuka. Kuno timasita chilichonse, ngakhale sikipa, ena poopa mphutsi za pachingwe, ena kungofuna kutchena, ndipo nsimbi yamakala ilibe pochepetsera. Mayi wina wa kwaya anabwera ndi sikipa yake dzina la mpingo litapakika mpaka pamimba, nsimbi nayo itada ndi inki. Chichokereni tsikulo, m'jumbo iliyonse ndimaikamo kapepala kolembedwa kuti, "Sitani mkati, nsimbi isakhudze zilembo." Kavalidwe kake nakonso ndinene chilungamo: chithunzi chachikulu chodzaza inki sichipitsa mphepo. Oda ikakhala ya anthu a ku Chikwawa kapena Nsanje, ndimalangiza kasitomala kuti tichepetse malo odzaza inki, kapena tibwerere ku bainda ngati masikipa ndi oyera, apo ayi anthu akachita thukuta kumsana kokhakokha. Zovala za makanda ndimasindikizabe ndi inki yamadzi. Mafuta ofewetsa a mtundu wa phthalate analetsedwa pa zinthu zambiri za ana ku Ulaya ndi ku America, ndiye pogula muzionetsetsa kuti pa chitini palembedwa kuti mulibe zimenezo. Pa zanga panalembedwa.

Pomwe yoyera imeneyi inandikhumudwitsa ndi pa majezi a mpira. Pa mndandanda wa ogulitsa inalembedwa ngati yogwira pa nsalu iliyonse, koma pa polyester yofiira manambala oyera anasanduka a pinki. Chomwe chimachitika n'chakuti utoto wa polyester ukatenthedwa kupitirira madigiri cha m'ma 140 umasanduka mpweya n'kukwera kulowa mu inki. Choipa kwambiri, nthawi zina pinkiyo saoneka tsiku lomwelo, amadzatuluka patapita masiku jezi ili kale kwa mwini. Ya maroon ndi ya navy imachitanso chimodzimodzi, ngakhale magolofu osakaniza thonje ndi polyester amayesako. Pa ntchito imeneyi pamafunika yoyera yotchedwa low bleed, yochepetsa kukwera kwa utotowo, kapena ya polyester yomwe imapsa pa moto wochepa, madigiri cha m'ma 130 mpaka 140. Ngati matimu a mpira wa m'makwalala ndi a netiboli ndiwo amakudyetsani, itanitsani imeneyo, osati wamba ngati yangayi.

Tibwere ku kulekanitsa mitundu, chifukwa inki yabwino siingapulumutse chithunzi chomwe chalekanitsidwa molakwika. Kwa amene mwangoyamba kumene: sikirini imodzi imanyamula mtundu umodzi. Baji ya sukulu ikakhala ndi chofiira, chachikasu ndi choyera, muyenera kuigawa pa kompyuta kuti mtundu uliwonse ukhale pa filimu yake, wakuda bii, filimu iliyonse n'kuwotcha sikirini yakeyake (kuiika padzuwa filimu ili pamwamba kuti chithunzi chilowe mu emulsion). Ntchito zambiri zomwe timalandira, za masukulu, mipingo, magulu a banki m'khonde ndi mabungwe, ndi za mtundu umenewu, mitundu iwiri kapena itatu yosasakanikirana. Ndimazichita mu pulogalamu ya CorelDRAW.

Nthawi yambiri imathera pa kujambulanso. Kasitomala amajambula baji pa juzi ya mwana ndi foni, n'kutumiza pa WhatsApp, yomwe imafinyanso chithunzicho mpaka m'mphepete mwa zilembo muchite mabokosi. Chimenecho sungachilekanitse, uyenera kuchijambula mwatsopano mzere ndi mzere. Ndimawapempha kuti atumize ngati document kapena PDF, ndipo akakhala kuti alibe, kujambulako ndimalipiritsa padera. Poyamba anthu ankadandaula, pano anazolowera.

Pa sikipa yakuda kapena ya navy, mitundu yonse imafuna pogona poyera. Yofiira ya m'zitini zangazi ukaiika molunjika pa chakuda imatuluka yofiirira ngati dothi la katondo, koma pamwamba pa yoyera imawala bwino. Ndiye filimu yoyamba ndi ya yoyera ya pansi, yomwe timati underbase. Chinsinsi chake ndi kuichepetsa pang'ono m'mphepete, theka la point kapena point imodzi (kamuyeso ka pa kompyuta kosakwana theka la milimita), kuti mtundu wa pamwamba uiphimbe yonse. Ukaisiya yofanana ndendende, sikirini ikangosuntha pang'ono pamaoneka kamzere koyera m'mbali mwa chilembo chilichonse, ndipo diso limakaona msanga kuposa china chilichonse. Pomwe chithunzi chili ndi chakuda, siyani pobooka kuti sikipa yomweyo ikhale chakudacho. Mwapulumutsa sikirini imodzi, ndipo chithunzi chimapepuka pathupi.

Yoyera ya pansi ikagwira, mitundu ya pamwamba ndimaikoka motsatizana popanda kuwotcha pakati, pa masikirini a 62T kapena 77T, kuyambira yowala kumalizira yakuda, kapena kuyambira ya malo ochepa kumalizira ya malo ambiri. Apa plastisol imakondweretsa. Inki pang'ono imamatirira kunsi kwa sikirini yotsatira, koma siuma, ndiye umangopukuta pakapita kanthawi. Yachikasu ndi yakuda za m'gululi ndilibe nazo mawu. Yabuluu imapendekera ku pepo, moti kuti ndipeze buluu wa yunifolomu ya sukulu ndimathiramo yoyera pang'ono ndi kadontho ka yachikasu. Posakaniza ndimayeza pa kasikelo ka digito n'kulemba magalamu m'kope, pambali pa dzina la oda. Bainda imasintha maonekedwe ikamauma, koma plastisol yomwe ukuiona m'kapu ndi yomwe idzakhale pa sikipa, ndipo yotsala ukaitsekera bwino imakhala miyezi. Sukulu ikabweranso teremu yotsatira kudzawonjezera masikipa, mtundu umafanana ndi wa oyamba aja. Mabungwe akuluakulu amabwera ndi nambala ya Pantone, yosonyeza mtundu weniweni womwe akufuna. Zitini zisanuzi sizinapangidwire kusakaniza kwa Pantone, ndiye umangoyandikira. Ndimasindikiza pa kansalu, kasitomala aone ndi maso ake padzuwa n'kuvomereza, osati pa foni, chifukwa foni iliyonse imaonetsa mtundu wakewake.

Za filimu ndinenepo pang'ono. Ambiri timasindikiza pa tracing paper ndi printa ya laser chifukwa ndi zotsika mtengo. Pa mtundu umodzi palibe vuto. Pa mitundu itatu pepalalo limafota ndi kutentha kwa printa, lililonse mosiyana ndi linzake, moti timitanda tolunzanitsira tikakumana kumwamba, kunsi tasemphana. Ndiye munthu umalimbana ndi makina tsiku lonse pomwe cholakwika chili pa pepala. Filimu yoonekera ya printa ya inkjet siifota, ndipo chakuda chake chimatseka dzuwa bwino. Mafilimu onse a oda imodzi atuluke mu printa imodzi, ataloza mbali imodzi.

Ntchito yomwe yandipangitsa kuikonda kwambiri inkiyi ndi ya nkhope. Masikipa a pamaliro, a povundukula chiliza, a Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, onsewa amafuna nkhope ya munthu, ndipo abale safuna kumva zoti inki inavuta. Akufuna aone mayi awo. Sikirini siidziwa kuti apa pada pang'ono, apa pada kwambiri. Imangodziwa kuti inki idutse kapena isadutse. Ndiye chithunzi timachisandutsa timadontho, tatikulu pomwe pali mthunzi, tating'ono pomwe pali kuwala, zomwe timati halftone. Mu Photoshop ndimachotsa mitundu, kuchotsa zonse za kumbuyo kwa munthuyo, kenaka kusandutsa Bitmap, chithunzi cha timadontho takuda tokhatokha, ndi mizere 45 ya timadontho pa inchi, yopendekera madigiri 22.5, timadontho tozungulira motalikirako. Sikirini yake ndi 90T, yomwe ndi ulusi pafupifupi 230 pa inchi. Lamulo lomwe ndimatsata ndi loti ulusi uchuluke kanayi kapena kasanu kuposa mizere ya timadontho. Ukaphonya pamenepa, kapena ukasiya timadontho titaima molunjika ndi ulusi, pankhope pamatuluka mafundemafunde.

Koma pali china chomwe mavidiyo ambiri a pa YouTube sanena, poti zitsanzo zawo zimakhala za anthu a khungu loyera. Kadontho kalikonse kamafufuma kakafika pa nsalu. Komwe pa filimu kanali 50 pa 100, pa sikipa kangafike 65 kapena 70. Nkhope zathu zimakhala kale kumbali yakuda ya sikelo imeneyo, ndiye ukatsatira manambala a m'mavidiyowo timadontho tonse timalumikizana, nkhope n'kusanduka chibulu chakuda, kungotsala maso ndi mano. Ndinaonapo masikipa otere pamaliro ena, anthu akuchita kufunsana kuti kodi wajambulidwayu ndani. Ine ndimatsegula Curves, chida cha Photoshop chosinthira kuwala, n'kuwalitsa pakatikati kwambiri, malo akuda kwambiri ndimawalekezera cha pa 85 pa 100, ndipo ndimawonjezera kuwala pamphumi, pamphuno ndi pamasaya kuti nkhope ikhale ndi maumbidwe ake. Timadontho tochepera 8 kapena 10 pa 100 ndimatichotsa, chifukwa sikirini yowotchedwa padzuwa siitigwira. Pa kompyuta chithunzicho chimaoneka chotumbuluka, moti wachibale akachiona amakayika, koma pa sikipa chimabwerera m'malo mwake.

Ndi bainda ntchito imeneyi inali yowawa, chifukwa timabowo tating'onoting'ono ndito timayamba kuuma, ndiye sikipa yoyamba ndi ya makumi awiri zinkatuluka ngati anthu awiri osiyana. Plastisol yakuda, yofewetsedwa pang'ono, imadutsa mofanana kuyambira yoyamba mpaka yomaliza. Pamafunika sikwiji yakuthwa, yolimbirako, yoimikidwa chilili pang'ono, ndi kukoka kamodzi kokha. Ukabwereza, wadetsa nkhope. Pa sikipa yakuda zimakoma koposa: umatembenuza chithunzi kuti timadontho toyera tigwe pomwe pali kuwala, mthunzi n'kukhala sikipa yomweyo. Khungu lakuda limatuluka mochititsa kaso mwa njira imeneyi. Kungoti muonetsetse kuti mwatembenuzadi musanawotche sikirini, apo ayi munthu amatuluka tsitsi loyera, mano akuda.

Zitini zinayi za CMYK zija ndiye ndalama yogona. Njirayi imafuna kuti timadontho ta cyan, magenta, chikasu ndi chakuda tigwe pamodzi n'kupanga mitundu yonse, monga zimakhalira m'magazini. Inki zake ndi zoonekera, ndiye zimagwira pa sikipa yoyera yokha. Zimafuna sikirini ya 120T, masikirini onse anayi okungika mofanana, ndi dzanja lokoka ndi mphamvu imodzimodzi nthawi zonse. Mafelemu anga ndi amatabwa, okungidwa pamanja ndi sitepula, ndipo makina anga ndi a mikono inayi opanda zomangira zosunthira pang'onopang'ono. Ndikapanikiza magenta pang'ono nkhope ifiira, mnyamata wanga akakoka cyan nkhope ibiriwira. Inkiyo payokha ilibe mlandu, koma si ya shedi ngati yanga. Palinso njira ya simulated process, yogwiritsa ntchito inki wamba m'timadontho pamwamba pa yoyera, yomwe imatulutsa zithunzi zokongola pa masikipa akuda, ndi ina ya index ya timadontho ta makona anayi tofanana kukula, koma zonsezi zimafuna masikirini asanu ndi imodzi kapena kupitirira. Munthu akabwera ndi chithunzi cha mitundu yonse, masikipa ake n'kukhala ochepa, ndimangopita nacho kwa a DTF (osindikiza ndi printa pa filimu yomata pa nsalu) m'tauni, andisindikizire pa filimu yawo, ine n'kudzamata ndi heat press. Sikirini imapindulitsa masikipa akachuluka, mitundu ikachepa.

Kutsuka ndi ntchito ina. Madzi saichotsa. Yotsala pa sikirini ndimaikokolola n'kuibwezera m'chitini, kenaka kupukuta ndi thinners kapena white spirit. Ena amagwiritsa ntchito parafini, amachotsa ndithu, koma amasiya mafuta, ndiye musanapake emulsion ina tsukani sikirini ndi sopo wotsukira mbale, apo ayi emulsion imachita timaso. Valani magulovu, chifukwa inkiyi ikakhala pa chala imayenda nanu paliponse, pa foni, pa chitseko, pa kolala ya sikipa ya kasitomala. Powotcha pamatuluka kautsi, chitseko ndi zenera zikhale zotsegula. Nsanza zopukutira musazitenthe pa dzala, utsi wa PVC si wabwino, ndipo thinners wakuda uja asathiridwe mu ngalande.

Mtengo sindiulemba chifukwa pofika mawa ukhala utasintha. Timagula mu rand, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chimawawa, kuphatikizapo cholipira basi ndi msonkho wa pachipata. Pa kilogalamu plastisol ndi yodula kuposa bainda. Koma siitayika: palibe youmira pa sikirini, palibe youmira m'kapu, ndipo masikipa owonongeka achepa. Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi kupezeka kwake. Bainda ikatha umakwera minibasi n'kukagula tsiku lomwelo, pomwe yoyera ya plastisol ikakuthera pakati pa oda umadikira basi ya ku Joni. Yoyera ndiyo imatha msanga kuposa ina yonse kuphatikiza pamodzi, poti imalowa pansi pa chilichonse, ndiye poitanitsa muzichulutsa imeneyo.

Pa oda ya inki yomwe ndikukonza pano ndalembapo yoyera ina ya makilogalamu 5, ya low bleed ya majezi, yakuda, yofiira, ndi buluu wina wosapendekera ku pepo. Bainda sindinaitaye, ili pa shelefu podikira zovala za ana ndi masiku opanda magetsi. Zitini za CMYK zidakali pafupifupi zodzaza, ndipo amene ali ndi mafelemu a aluminiyamu ndi makina olunzanitsa bwino atha kudzatenga, tisinthane ndi nsalu ya sikirini ya 90T.